Ku Mangochi kukamva mlakatuli wa kunyanja

Lachitatu

Ndinanyamuka ku Zomba m'mawa pa minibasi yodzera ku Liwonde ndi ku Ulongwe, ndipo ndafika ku Mangochi dzuwa litapendeka, chifukwa dalaivala sankadutsa munthu woima m'mbali mwa msewu osamufunsa kumene akupita. Chandibweretsa kuno ndi uthenga wa alamu anga, amene amaphunzitsa pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi boma. Iwo anandiuza kuti kalabu ya zachilengedwe ya pasukulu pawo yaitana bambo ena achikulire, amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi, kuti adzalakatule ndakatulo zawo zonena za nyanja, mphepo, nsomba ndi mbalame. Ine ndimaphunzitsa Chichewa, ndipo ntchito yanga yambiri pa ndakatulo imathera pa pepala, kuwerengetsa ndime, kufunsa ana kuti akuyankhula ndani, ndi kuwasakitsa zifanifani ndi zining'a pokonzekera mayeso, choncho sindinafune kuti mwayiwu undidutse.

Titapitirira Ulongwe, dziko linasintha maonekedwe. Milambe, imene m'mwezi uno wa Julayi ilibe tsamba ndi limodzi lomwe, inayamba kuchuluka pamodzi ndi migwalangwa, ndipo cha kudzanja lamanja nyanja ya Malombe inkaoneka mwa apo ndi apo kuseri kwa midzi. Madzi a Malombe ndi a mtsinje wa Shire womwewo, umene umatuluka m'nyanja ya Malawi, nkudutsa pa boma la Mangochi, kenaka nkutambasuka kukhala nyanja yosaya usanapitirire ku Liwonde. Mayi amene ndinakhala nawo pampando umodzi, ochita malonda a nsomba zouma, anandiuza kuti masiku ano ku Malombe amapikulako kambuzi basi, ndipo anangoseka nditawafunsa za chambo.

Madzulo ano mwera ukuwomba mwamphamvu moti tadyera m'nyumba zitseko zili zotseka. Anthu a kumtunda timadziwa Mangochi ngati dera lotentha, ndipo nzoona mu Okutobala ndi Novembala, koma usiku wa m'nyengo yachisanu kuno umafuna bulangeti.

Lachinayi

Alamu anali ndi makalasi mpaka masana, choncho ndinayenda ndekha m'tauni, pena wapansi pena pa kabaza. Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pali nsanja ya wotchi imene inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, nthawi imene tauniyi inkatchedwa Fort Johnston, dzina lochokera kwa Harry Johnston, amene asilikali ake anamanga linga m'derali mu 1891. Chapomwepo pali mzinga wochokera m'sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inakawombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann ku gombe la kum'mawa, kumene lero ndi ku Tanzania. Chimene chinandiimitsa nthawi yaitali ndi chikwangwani chokumbukira anthu 145 amene anamira pamene sitima ya Vipya inagubuduzika kumpoto kwa nyanja mu Julayi 1946, m'nyengo yamphepo ngati yomwe tilimoyi.

Nditatuluka m'nyumba yosungiramo zinthu zakale za m'nyanja, ndinaima pamlatho kuyang'ana Shire. Namasupuni ankatsetsereka ndi madzi m'magulumagulu, munthu wina ali m'bwato ankatchera matchera m'mphepete mwa bango, ndipo akakowa ankatera pamene amayi anali atangochoka kumene kotsuka mbale. Za sitima ndi za azungu zinalembedwa pa chitsulo ndi pa njerwa, koma za munthu wa m'bwatoyo sindinaone pamene zinalembedwa, ndipo ndikufuna kumva ngati mawa zidzatchulidwa.

Pocheza madzulo, alamu anandikumbutsa kuti boma lino si lachilendo kwa alakatuli, popeza Jack Mapanje anabadwira m'mudzi wa Kadango kuno ku Mangochi mu 1944. Iye anamangidwa mu 1987 nkukhala m'ndende ya Mikuyu, kufupi ndi kumene ndimakhala ku Zomba, mpaka 1991. Mapanje amadziwika kunja chifukwa ndakatulo zake zinasindikizidwa m'Chingerezi. Bambo amene tikawamve mawa sanasindikizepo kanthu, ndipo amadziwika ndi okhawo amene anawamvapo.

Lachisanu

Mwambowo unayamba pambuyo pa mapemphero a masana, chifukwa ana ambiri a pasukulupa ndi Asilamu ndipo Lachisanu amayamba apita kumzikiti. Unachitikira m'kalasi yaikulu imene mawindo ake ena alibe magalasi, madesiki atakankhidwira kukhoma kuti ana ambiri akhale pansi. Bambowo ndi aafupi, aimvi, ovala jekete yakale koma yosita bwino, ndipo anabwera ndi makope a ana asukulu omangidwa pamodzi ndi mphira. Ana a kalabu anali atabwereka chimkuzamawu, koma batire lake linali lofooka moti mawu ankatuluka modukaduka. Bambowo anachiyesa, nkuchiika pa tebulo, nkusendera pakati pa kalasi.

Ndakatulo yoyamba sinandigwire mtima. Inali yoyamikira kukongola kwa nyanja, madzi obiriwira, mchenga woyera, alendo ochokera kutali ndi mphatso ya Namalenga. Zonsezo nzoona, koma ndi mawu amene munthu angalembe ali ku Lilongwe atangoona chithunzi cha pa kalendala, ndipo ndakatulo zotere ndazimva zambirimbiri pa wailesi ndi pa miyambo ya boma. Ana anawomba m'manja mwaulemu. Ndikuganiza kuti eni akewo ankadziwa zimenezi, chifukwa anaiwerenga mofulumira, maso ali pa kope, ngati mlendo amene akuyamba wapereka moni asananene chimene wadzera.

Yachiwiri inali ya mphepo za panyanja, ndipo apa anatseka kope. Anatenga mphepo iliyonse payokha, mwera wochokera kummwera umene umalamulira m'miyezi yozizira, mpoto wa m'dzinja, ndi vuma wochokera kum'mawa. Ndime ya mwera anailakatula ndi mpweya umodzi, mizere ikutsatizana popanda kupumira, mawu akukwera pang'onopang'ono, mpaka ife omvera tinayamba kulakalaka kuti apume, ndipo pamenepo ndinazindikira kuti akutichitira zimene mwera umachita ukayamba, kuwomba masiku angapo osaleka. Atafika pa mvekero wa funde losweka pa thanthwe, sanangoutchula nkupitirira monga timachitira m'kalasi. Anaukoka kwa nthawi imene funde lenileni limatenga, kenaka anakhala chete kwa kanthawi kamene madzi amatenga pobwerera, ndipo m'kanthawi kameneko malata a padenga ankagwedezeka ndi mphepo yomwe ankainenayo. Mvekero umenewo ukanakhala pa pepala la mayeso, mwana akanangoudula mzere kunsi nkulandira malikisi ake, osamva chilichonse.

Ndime iliyonse inkatha ndi funso limodzimodzi, lofunsa kuti watsala panyanja ndani. Pofika ndime yachitatu ana a kumbuyo anayamba kuyankha okha popanda wowauza, ena m'Chichewa ena m'Chiyawo, aliyense kutchula wa kwawo, wina bambo ake, wina amalume, wina achimwene. Poyamba ankayankha moseka, koma pa ndime yomaliza, pamene funsolo linabwera mawu ali pansi, oyankha anali ochepa ndipo panalibe woseka. Alamu anandinong'oneza kuti m'kalasimo muli ana amene anataya abale awo pamadzi.

Ndakatulo yachitatu, ya chambo, ndi imene ndikuiona kuti inaposa zonse. Ili pakati, kumzikiti wapafupi kunamveka kuitanira mapemphero, ndipo bambowo, ngakhale ndi Mkhristu, anaima nkudikira mpaka kutha, chala chili pa mzere umene anasiyira. Woyankhula m'ndakatuloyo ndi chambo chachikazi. Anthu a kunyanja amadziwa kuti chambo chachimuna chimakonza chisa pa mchenga pansi pa madzi, ndipo chachikazi chikaikira mazira chimawatola nkuwasunga m'kamwa, ana nkumakhalanso momwemo mpaka atalimba. Mlakatuliyo anamanga ndakatulo yonse pa chinthu chimodzi chimenechi. Mayi akuona ukonde ukubwera ukukokolola pansi, zisa zikufafanizika, koma sangathe kukuwa chifukwa akatsegula pakamwa ana atayika. Anailakatula milomo itatsala pang'ono kutsekeka, mawu akutuluka movutikira, moti tonse tinaweramira kutsogolo kuti timve. Atamaliza panapita kanthawi popanda wowomba m'manja, mpaka mayi ena ogulitsa mandasi, amene ankamvera ali pawindo, ananena mokweza kuti nzoona.

Zimene ndakatuloyo ikunena si zopeka. Chambo cha ku Malombe chinachepa kwambiri chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo zina mwa zifukwa zake ndi kuchuluka kwa asodzi, maukonde a maso aang'ono amene amagwira ndi kasawala yemwe (tiana ta chambo), komanso ukonde wa nkacha umene umakokolola zomera za pansi pamene nsomba zimaswanirana. Ndi chifukwa chake mu 1993 boma linayamba kugwira ntchito ndi makomiti a m'madoko kumeneko kuti asodzi azitenga nawo mbali poteteza nsomba. Ana a kalabu amaziphunzira zimenezi, ndipo pakhoma la kalasi yomweyo panali chithunzi chojambula pamanja chonena zomwezo, koma sindikukhulupirira kuti chithunzicho chinawakhalitsapo chete chotero.

Nthawi ya mafunso itakwana, mtsikana wina wa Fomu 3 anaimirira nkunena kuti, "Agogo, bambo anga amakoka nkacha ku Malombe, ndipo fizi yanga imachokera momwemo. Kodi ndakatulo yanuyi ikuti iwowo ndi oipa?"

"Iyayi mdzukulu wanga, bambo ako si oipa," anayankha bambowo. "Inenso ndinaphunzira ndi ndalama za chambo. Koma chambo sichingabwere muno kudzadzinenera chokha, ndiye lero ndachibwereka pakamwa panga. Bambo ako ali ndi pakamwa pawo, ndipo ndakatulo yawo ukhoza kuilemba ndiwe."

Ana anawomba m'manja, koma mtsikanayo anakhala pansi nkhope yake isanamasuke, ndipo ine ndinali kumbali yake. Yankholo linali lokoma kumva, komabe ndakatuloyo sinatchule eni maukonde ndi maboti, amene ambiri sakoka nawo, pamene wokokayo amangolandira kagawo kochepa. Munthu akamamvera ndakatulo ya zachilengedwe ali kutali, wolakwa amakhala "anthu" osadziwika dzina, koma m'kalasi muja wolakwayo anali bambo a mwana amene wakhala kutsogolo.

Loweruka

Bambowo ali ndi mlongo wawo ku Chembe, ndipo atamva kuti ine ndi alamu tikupita ku Cape Maclear anapempha kuti tiyendere limodzi. Kuchokera pa boma kukafika ku Monkey Bay ndi makilomita oposa 60, ndipo tisanalowe m'tauniyo tinapatuka kulowera m'mapiri a miyala a m'paki ya Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 nkuikidwa pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse a UNESCO mu 1984 chifukwa cha nsomba za mbuna. Chembe ndi mudzi waukulu wa asodzi wozunguliridwa ndi pakiyo. Masana tinakaona manda a amishoni a Livingstonia, amene anafika pano mu 1875 nkusamukira ku Bandawe mu 1881 atavutika ndi malungo, koma sitinachedwepo.

Gombe la Chembe limabisika ku mwera chifukwa cha mapiri a kumbuyo, koma kuseri kwa zilumba za Thumbi ndi Domwe nyanja inali yowinduka, moti asodzi ambiri sanalowe. Anakhala pamchenga m'magulu kusoka chilimira, ndipo amayi ankatembenuza usipa wochepa umene unali pa thandala. Panalibe amene anakonza mwambo. Mlamu wa bambowo anangouza anzake kuti aphunzitsi abwera ndi makope awo aja, anthu nkuyamba kusendera ndi maukonde awo omwe. Bambowo anakhala pamwamba pa bwato, ndipo popeza dzuwa linali likulowa, mnyamata wina anawaunikira ndi tochi ya foni.

Kuno analakatula mosiyana ndi dzulo. Sanakweze mawu kwambiri, ndakatulo yoyamikira kukongola ija anaisiya, ndipo omvera sanasiye ntchito yawo, manja ankasoka makutu ali kwa iwo. Anayamba ndi ya usipa, yonena za usodzi wa kauni, pamene siginala amatsogola ndi nyali m'kabwato kake kuti usipa usonkhane, anzake nkuuzungulira ndi chilimira. Kale nyalizo zinali zopopa za parafini, ndipo masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito mababu a batire. Ndakatuloyo inafotokoza mzere wa nyali zimenezi usiku panyanja, ndipo m'ndime ina inanena za mwezi wathunthu ukuwala pamwamba pa mabwato obwerera atadzaza.

Msodzi wina wachikulire, osadzutsa mutu pa ukonde wake, anati, "Aphunzitsi, pamenepo mwaphonya. Mwezi ukawala chotero usipa subwera ku nyali. Masiku amenewo ife timagona kunyumba."

Anthu anaseka, ndipo ine ndinayembekezera kuti bambowo adziteteza ponena kuti ndakatulo ili ndi ufulu wake, monga ndikanayankhira ine mwana atandifunsa m'kalasi. Iwo anati, "Tabwerezani, achimwene," nkutulutsa cholembera m'thumba la jekete. Panabuka mtsutso wokoma. Ena ankati achotse mwezi usipa utsale, ena ankati mwezi ndi wokongola, achotse usipa. Mayi ena a pa thandala anati mwezi ukakhala wathunthu mtengo wa usipa umakwera ndipo m'nyumba ndiwo zimavuta, choncho ngati akufuna mwezi anene zimenezo. Bambowo analemba kwa kanthawi, mnyamata uja akuwaunikira, kenaka anabwereza ndimeyo. Mwezi unatsala, koma mabwato tsopano anali pamtunda, thandala lili lopanda kanthu, ndipo mwana akufunsa amayi ake chifukwa chimene usiku wowala chotero akudyera masamba. Ndimeyo inaposa yoyamba ija kutali, ndipo msodzi uja anangovomera ndi mutu nkupitiriza kusoka.

Ndakhala ndikuganizira zimenezi usiku uno. Timaphunzitsa ana kuti mlakatuli ndi munthu woona zimene ena saona, ndipo mwina nzoona, koma pa gombe paja aliyense ankaidziwa nyanja kuposa wolakatulayo. Chimene iye anali nacho ndi luso loika zimene iwo amadziwa m'mawu oti munthu nkuwasunga, ndipo lusolo likanakhala lopanda ntchito akanakana kuwongoleredwa. Ndakatulo ya zachilengedwe yosindikizidwa m'buku ikhoza kunama za mwezi kwa zaka zambiri popanda woitsutsa, chifukwa owerenga ake ambiri sitinagonepo panyanja.

Anamaliza ndi yoseketsa, ya nkhwazi. Mbalameyi ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu, koma kuno anyamata operekeza alendo amaiimbira likhweru kufupi ndi Thumbi nkuiponyera nsomba kuti alendo aijambule ikutsika. M'ndakatuloyo nkhwazi yokalamba ikudzudzula mdzukulu wake amene waiwala kusaka ndipo amangodikira likhweru. Bambowo anatsanzira kulira kwa nkhwazi, mutu atautaya kumbuyo monga imachitira mbalameyo, ndipo ana amene anali atazungulira anagwa nako kuseka. Asodzi anasekanso kwambiri, koma anyamata awiri operekeza alendo amene anaima chapatali sanaseke, ndipo mmodzi anati nkhwazi ija imadyetsa mabanja ambiri kuposa ndakatulo. Bambowo anavomera kuti zimenezo nzoona.

Lamulungu

M'mawa, tikumwa tiyi ndi chinangwa kwa mlongo wawo, ndinapempha kuona makope aja. Ndakatulo ya mphepo imene inatigwira Lachisanu ndi yaifupi modabwitsa pa pepala, mizere ina ili ndi mawu awiri okha, ndipo ndikanaipeza m'buku sindikukhulupirira kuti ndikanaisankha kuti ndiphunzitse. M'mbali mwake muli timivi, timitanda ndi timizere tosonyeza pokweza mawu, popumira ndi podikira omvera. Palinso mawu ofufutidwa ambiri, ndipo pambali pa kusintha kulikonse analemba malo amene anasinthirako, Malindi, Makanjira, Namwera, ndipo tsopano Chembe.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sasindikizira. Anati ndalama palibe, komanso ndakatulo ikalowa m'buku sangathenso kuikonza msodzi akaitsutsa. Chifukwa choyambacho ndikuchimvetsa, koma chachiwiricho sindikugwirizana nacho kwathunthu, popeza iwo ndi achikulire ndipo makope a ana asukulu sachedwa kudyedwa ndi chiswe. Tinagwirizana kuti alamu aziwajambula mawu pa foni nthawi iliyonse akamalakatula kufupi ndi boma, ndipo azilemba pa kompyuta ndakatulo zokhazo zimene eni ake anena kuti zakhazikika. Ya mphepo anailola, koma ya chambo anaikana.

Anati funso la mtsikana uja lawasowetsa tulo, ndipo akuona kuti ndakatuloyo ikusowa ndime ya wokoka ukonde ndi ya mwini ukonde. A komiti ya padoko lina awapempha kuti akailakatule kumayambiriro kwa Novembala, pamene usodzi wa makoka umatsekedwa kuti chambo chiswane, ndipo akufuna ikhale itakonzeka pofika nthawi imeneyo, ngati ndalama yoyendera ipezeke. Tikutsika pa Monkey Bay kuti ine ndikwere minibasi ya ku Zomba, anatiuza kuti ayamba afunsa kaye anyamata okoka khoka kuti amagawana bwanji ndi eni maukonde, chifukwa kuwongoleredwa pagulu pa nkhani ya mwezi nkopiririka, koma pa nkhani ya ndalama asodzi sadzaseka.